Zolephera za Amuna Anga Zili m'Buku la Amayi

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kuyambira chaka chomwe ndinafika ku London kuno, ndipo ndisaname, ndinkawaseka anzanga amene amakulemberani. Ndinkati, "Koma anthu, nkhani za m'nyumba mwako n'kukazipachika m'nyuzi?" Lero ndi ine ndagwira cholembera. Mayina ndasintha onse, ngakhale ndikudziwa kuti Amalawi a ku Romford tilipo ochepa moti wina akangowerenga mizere itatu aimbira mnzake foni.

Ndine namwino. Ndili pa banja zaka khumi ndi chimodzi ndipo tili ndi mwana mmodzi, Mwai. Amuna anga, a Felton, ndi injiniya wa zamagetsi. Ndi munthu wabwino, samwa, sayendayenda, mbale amatsuka osauzidwa. Vuto lawo ndi limodzi: sanalepherepo chinthu chibadwire. Kapena ndinene bwino, sanavomerepo kuti alephera. Fomu Folo anakhoza ndi mapointi sikisi, ndipo mapointi amenewo anakwera nawo ndege, mpaka lero amagona nawo. Kwawo ku Ntcheu dzina lawo linaiwalika, amangoti "Injiniya". Tsiku lina galimoto inatifera pa msewu tikupita ku Ilford, utsi uli tolotolo, Mwai atafunsa anamuyankha kuti ikupuma kaye.

Zaka zitatu zapitazo anasiya ntchito yabwino m'tauni n'kuyambitsa kampani yawoyawo. Akupanga kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, koika m'firiji yosungiramo mankhwala. Firiji ikayamba kutentha, kachipangizoko kamatumiza uthenga pa foni mankhwala asanawonongeke. Zangati zimenezi akuti zilipo kale, koma iwo ankafuna batire lake lizikhala zaka osalisintha ngakhale muli mozizira chonchi, komanso uthenga uzidutsa chitseko chachitsulo chija. Pamenepo ndiye panagona ntchito.

Nanga firiji yoyesera inali ya ndani, Aphungu? Yanga. Chaka ndi theka pakati pa mkaka ndi majarini panali mawaya. Ndikabwera ku ntchito ndi ludzu ndinkapeza pepala pa chitseko chake, "Osatsegula mpaka folo koloko." Ulendo wina anaizimitsa dala Lachisanu tikupita kukachezera abale ku Croydon, ati aone ngati uthenga ufike pa foni. Uthengawo sunafike. Tinabwerako Lamulungu n'kulandiridwa ndi fungo la nyama ya mbuzi pa masitepe pomwe. Iwo anangoti, "It's fine, mayi a Mwai, zinali mu plan."

Chinthu chikakanika, a Felton amafufuta. Bolodi amapukuta, mapepala amang'amba, m'kompyuta amasunga chokhacho chomwe chagwira ntchito. Amati munthu sasunga zinyalala m'nyumba. Koma ine ndinkadziwa, chifukwa zikawavuta amatsuka uvuni. Ndikawapeza atagwada ndi siponji, mutu uli m'kati mwa uvuni, ndinkangokhala pa mpando n'kudikira. Akapukuta kwa mphindi khumi ankayamba kulankhula okha, osandiyang'ana, kudandaulira chinthucho ngati mwana wosamva. "Kuzizira kwadya batire." "Chinyezi chalowa pa waya." "Chitseko chikumeza uthenga." Akamaliza ankadzuka n'kundiuza kuti, "Zimenezi zisatuluke pa khomo ili." Ndipo ine ndinalonjeza, osati kamodzi.

Tsopano apa ndi pomwe ndinalakwira.

Amayi a ku tchalitchi kwathu timakumana Loweruka masana ku Ilford, kunyumba kwa Mayi Peggy. Timatchulabe kuti "za Lachinayi" ngati kumudzi, ngakhale palibe amene amapuma Lachinayi kuno. Tilipo khumi ndi awiri, Amalawi ndi a ku Zambia. Mayi Peggy ndi a ku Chipata, anagwirapo ntchito ya ukalaliki zaka makumi awiri, ndipo ukalalikiwo sunawachoke. Ali ndi buku lalikulu lakuda lomwe amalembamo pempho lililonse: tsiku, dzina, nkhani yake. Kumapeto kwa mzere amasiya danga, ndipo sabata yotsatira amalembamo ndi cholembera chofiira ngati pemphero layankhidwa kapena ayi.

Tsiku loyamba ndinayesa kuzemba. Ndinati ndili ndi pempho la mumtima, Mulungu akulidziwa. Mayi Peggy anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Ba Etta, kuno kulibe va mumtima," anatero. "Mulungu aziba vonse, inde, manje ise sitiziba. Tizapempelela chani? Kambani bwino bwino, vuto ni chani, inayamba liti."

Ndinanena za batire. Masabata otsatira ankandifunsa ngati batire ladzuka, mpaka tsiku lina ndinati ayi, tsopano ndi chinyezi. Analemba. Kuyambira pamenepo zinangokhala ngati lipoti la sabata ndi sabata. Amayi amene sadziwa n'komwe kusintha babu anafika pomandifunsa pa khomo kuti, "Nanga uthenga wadutsa chitseko?" Ndinkachokako mtima utapepuka, Aphungu, chifukwa katunduyo ndinali nditatopa kumusenza ndekha. Ndikafika kunyumba a Felton akandifunsa zomwe tapempherera, ndinkati odwala ndi a paulendo.

Kachipangizoko kanadzagwira ntchito. Chaka chatha a Felton analemba ntchito mtsikana wina wa ku Lusaka, Sibeso, injiniya wanzeru zedi, yemwe anabwera ndi kamwana kake ka zaka zinayi. Viza yake yamangidwa pa ntchito imeneyi, ndipo kuti viza ikhalepo malipiro ake ayenera kukhala okwera. Amalandira kuposa a Felton eni kampani, ndipo iwo a Felton sadandaula nazo, amati mutu ngati umenewo sugulidwa motchipa. Masitolo angapo a mankhwala alonjeza kugula chaka chamawa. Koma chaka chamawa n'kutali, ndipo ndalama zomwe zatsala m'kampani sizingamulipire Sibeso kudutsa miyezi itatu. Ntchito ikatha amakhala ndi masabata owerengeka oti apeze kwina, apo ayi alongedze. Iye sakudziwa chilichonse. Akafunsa, bwana wake amamuuza kuti zonse zili bwino.

Mwezi watha akauntanti wathu, Stephanie, mwana wa ku Zomba yemwe anakulira konkuno, anabwera ndi nkhani yabwino. Anati boma lili ndi ndondomeko yothandiza makampani amene akufufuza zinthu zatsopano za sayansi ndi umisiri. Limawachepetsera msonkho kapena kuwabwezera ndalama zina zomwe anawononga pa kafukufukuyo, ati pofuna kuti makampani oterewa akule ndi kumalemba anthu ntchito za malipiro abwino. Anawerengera n'kupeza kuti zikatheka, ndalamazo zingamusunge Sibeso mpaka ogula aja atayamba. Chomwe ankafuna kwa a Felton n'chimodzi: alembe chomwe chinali chosadziwika poyamba, zomwe anayesa, nthawi yomwe anayesa, ndi chifukwa chomwe zinakanikira.

A Felton anakhala pa kompyuta madzulo awiri n'kutulutsa theka la tsamba. Ndinaliwerenga. Linkati kampani inaganiza zopanga kachipangizo, inakapanga mwaluso, ndipo kakugwira ntchito bwino lomwe. Stephanie anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Achimwene," anatero, "boma silibweza msonkho chifukwa choti ndinu anzeru. Ngati zonse zinatheka first time, ndiye kuti panalibe chofufuza, and there's nothing to claim. Ndikufuna zolephera zanu, ndi madeti ake. Popanda zimenezo ine situmiza."

Iwo anati sakukumbukira kuti panali zovuta zenizeni, mwina tating'onoting'ono. Stephanie atachoka, a Felton anatsuka uvuni, ndipo unali woyera kale. Mwina masiku enieniwo anaiwaladi, poti zonse anafufuta, ndipo Sibeso nthawi imeneyo kunalibe.

Kenaka kunatulukira bambo wina wa pa foni, sindikudziwa kuti nambala anaitenga kuti. Akuti iye ndi katswiri wa zobweza msonkho. Anawauza kuti asavutike kulemba kanthu, iye ali ndi anthu odziwa kulemba nkhani zomwe a msonkho amakonda kumva, a Felton angosaina, ndipo ndalama zikabwera iye atengapo gawo limodzi mwa magawo anayi. Aphungu, amuna anga akukopeka. Akuona kuti bola mlendo awapekere mavuto abodza omveka mwaulemu kusiyana n'kuti alembe ndi dzanja lawo kuti anaoletsa mbuzi.

Loweruka lapitali ndinatsalira amayi atabalalika, n'kupempha Mayi Peggy kuti ndione bukulo. Ndinawerenga mizere ya dzina langa: ilipo makumi anayi ndi umodzi. Zonse zilimo, m'chilankhulo chawo chosakaniza chija. "9 March. Ba Etta. Battery ya ba Felton yafa futi mu fridge, 4 days chabe." Chofiira: "Not yet." "27 April. Basintha battery, manje chinyezi changena." "Not yet." "15 June. Message siyipita pa door ya nsimbi, mbuzi yaola." Mpaka tsiku lomwe analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti "Answered", n'kudula mizere iwiri pansi pake. Chomwe Stephanie akufuna chili m'buku la amayi, sabata ndi sabata, popanda kudumpha.

Muli mzere umodzi wokha womwe si wa kachipangizoko. Ndi wa pa 19 Okutobala, sabata yomwe anatsuka uvuni katatu ndipo anasiya kudya nafe pa tebulo. Ndinali nditauiwala. Mayi Peggy analemba kuti, "Ba Etta bapempha ba Felton bazibe kuti olo ka box kakange, beve banakwatiwa na muntu, osati na ka box." Danga la chofiira pamenepo n'lopanda kanthu, zaka ziwiri tsopano. Mayi Peggy akuti anandifunsa kawiri ndipo sindinayankhe. Nditauwerenga ndinalira, ndipo anandipatsa tiyi.

Stephanie akuti tsiku lomaliza kutumiza ndi pa 30 mwezi uno, likadutsa mwayi wobwezeredwa ndalama za chaka chomwe zinkakanika chija wapita. Ndikawapatsa madetiwo a Felton, adziwa kuti ndinaphwanya lonjezo kokwana makumi anayi ndi kamodzi. Adziwa kuti amayi khumi ndi mmodzi omwe amawapatsa moni wa "Injiniya" Lamulungu lililonse akudziwa za mbuzi. Ndikuopa kuti sadzandiuzanso kanthu, ngakhale mutu uli mu uvuni, ndipo mphindi zimenezo ndi zokhazo zomwe amanditsegulira mtima. Ndikakhala chete, kaya asainira bambo wa pa foni uja, kaya tsiku lidutsa ndipo Sibeso ndi mwana wake alongedza. Ndimukonda mtsikanayo, amanditchula kuti anti ndipo amandibweretsera chikanda, chakudya cha kwawo. Sindikugona bwino. Ndichite chiyani?

E.C., Romford


Mayi E.C.,

Pepani, ndayamba ndaseka ndisanayankhe, ndipo mbuziyo iuse mumtendere. Pa zaka zonse zomwe ndayankha makalata, ndinu woyamba kundilembera kuti vuto la m'banja mwanu ndi mwamuna wotsuka uvuni. Amayi ambiri akuwerenga pano akufunsa ngati a Felton ali ndi mng'ono wawo.

Tsopano tikambe zenizeni, chifukwa nthawi mulibe. Auzeni. Auzeni sabata ino, lisanadutse Lamulungu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa 30 si tsiku loti muziyamba kukambirana, ndi tsiku loti zonse zikhale zitapita kale. Amuna anu akufunika masiku angapo okwiya, tsiku limodzi lotsuka, ndi sabata yathunthu yolemba. Werengani chobwerera m'mbuyo muone kuti mwachedwa kale.

Ine za misonkho si zanga, choncho ndinatengera nkhani yanu, popanda mayina, kwa mnzanga wina wakale, a Biswick, amene wakalamba akuwerengera makampani ndalama. Anati Stephanie wanuyo akunena zoona ndipo mumugwiritse. Mtima wa ndondomekoyi ndi womwewo: panali chinthu chomwe ngakhale odziwa ntchitoyo sakanangochiyankha pomwepo, munayesa njira iyi n'kukanika, munayesa inayo. Kukanikako si chamanyazi pa fomu imeneyo, ndiye umboni woti kafukufuku analipodi. Tangoganizani, mayi. Dziko lino, lomwe limatilipiritsa ngakhale poimika galimoto pa khomo pathu, lili ndi khomo limodzi pomwe limathandiza munthu chifukwa choti anavutika n'kulephera asanapambane. Ndiye mwana wa ku Ntcheu wafika pakhomo pomwepo atanyamula mapointi sikisi!

Koma a Biswick anandichenjeza zinthu ziwiri, ndipo mumve bwino. Buku la Mayi Peggy palokha si umboni wokapereka kwa a msonkho. Ndi kalendala. Ntchito yake ndi kukumbutsa a Felton kuti mu Malichi linali batire, mu Epulo chinyezi, mu Juni chitseko. Akakhala ndi madetiwo apite akafufuze zomwe sanathe kufufuta: malisiti a mabatire omwe ankaitanitsa, makalata a pa kompyuta kwa ogulitsa zipangizo, zithunzi za m'foni. Munthu amang'amba pepala koma banki siiwala. Nkhani yeniyeni ya umisiri alembe iwo eni, m'mawu a uinjiniya, Sibeso awathandize pomwe iye analipo. Chinanso, palibe amene angakulonjezeni kuti ndalamazo zibwera, kapena kuti zibwera msanga. Malamulo ake amasinthasintha, ndipo a msonkho akhoza kufunsa mafunso miyezi n'kumapita. Stephanie ndiye akuuzeni zomwe zikugwira ntchito lero, osati ine, osati a Biswick, osati amayi a Loweruka.

N'chifukwa chake Sibeso ayenera kuuzidwa zoona tsopano. Apa sindikuseka. Mtsikanayo ali ndi mwana ndi viza, ndipo akuyenda mumdima chifukwa bwana wake safuna kutchula mawu akuti "zavuta". Akadziwa lero akhoza kulimbikira nawo pa fomuyo, komanso kuyamba kusuzumira kwina mwakachetechete, ndipo ndi ufulu wake kutero. Kumuuza kutatsala sabata imodzi ndi nkhanza, ngakhale wonenayo atamwetulira bwanji. Wobisa matenda, maliro amamuulula. Ngati pali chinthu chimodzi choti muumirire osabwerera m'mbuyo, ndi chimenechi.

Za bambo wa pa foni uja: ayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amasaina ndi a Felton, ndipo dzina lomwe limakhala pa fomu ndi la kampani yawo. Tsiku lomwe a msonkho adzafunse kuti tafotokozani vuto ili munalemba apa, bamboyo foni yake idzakhala yozimitsa, gawo lake atadya kale. A Felton adzatsala akufotokoza mavuto omwe sanakumane nawo, kenaka kubweza ndalama zonse ndi chilango pamwamba. Ndipo ndikudabwa nawo. Anthu ena amalipira kuti awapekere zolephera chifukwa alibe. Iwo ali nazo makumi anayi zenizeni, zaulere, zopemphereredwa kale. Akagule zabodza chifukwa chiyani?

Bukulo lisachoke m'nyumba mwa Mayi Peggy, ndipo musalijambule ndi foni. Mmenemo muli amayi ena khumi ndi mmodzi, mapepala awo okhalira m'dziko muno omwe akudikira ku ofesi ya boma ku Croydon, ana awo, maukwati awo. Pitani ndi kope lanu, mukhale pa tebulo pawo, mukopere ndi dzanja mizere ya dzina lanu lokha. Mwaphwanya kale chinsinsi cha munthu mmodzi, musawonjezerepo ena khumi ndi mmodzi. Ndipo muwauze Mayi Peggy kuti Aphungu avula chipewa. Kampani ya amuna anu ikadzakula, munthu woyamba kulembedwa ntchito yosunga zolemba akhale iwowo, ndi cholembera chawo chofiira.

Ndatchula za kuphwanya chinsinsi, ndipo sindikubweza mawuwo. Munalonjeza, simunasunge, ndiye mukafika kunyumba n'kumati mwapempherera odwala ndi a paulendo. Musapite kwa amuna anu ndi nkhope ya wopulumutsa, ngati kuti munkadziwa kuti tsiku lina bukulo lidzathandiza. Simunkadziwa. Munatopa ndipo munafuna pothira mtima, basi. Nenani zomwezo, mupepese osaikapo "koma". Akakwiya asiyeni akwiye, ali ndi chifukwa. Komanso musadziweruze mopitirira. Anakusenzetsani katundu wolemera n'kukuletsani kutula, ndipo munakatula kwa amayi opemphera, osati pa gulu la pa foni la Amalawi onse a ku London. Lonjezo lenilenilo linali lolemera kuposa munthu mmodzi, ndipo mtsogolo muno musadzalonjezenso chotere.

Mukuopa kuti akadziwa kuti amayi akudziwa za mbuzi adzachita manyazi kulowa m'tchalitchi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Amayi khumi ndi mmodzi. Ambiri mwa iwo ali ndi amuna. Mayi E.C., inu ndi ine ndife akuluakulu: amuna amenewo akudziwa, ndipo mwina ndi m'busa yemwe. Zaka ziwiri tchalitchi chonse chakhala chikudziwa kuti batire linafa m'masiku anayi. Kodi alipo amene anasiya kuwatchula kuti Injiniya? Alipo anawaseka pa khomo? Mwanena nokha kuti moni ndi womwewo Lamulungu lililonse. Anthuwo ankawaona akulowa atavala tayi, akudziwa kuti sabata imeneyo zakanikanso, ndipo ankawapatsa ulemu wonse n'kupita kukawapempherera. Chomwe amuna anu akhala akuopa moyo wawo wonse chinachitika kalekale iwo osadziwa, ndipo denga silinagwe. Zimenezi muwauze, koma osati tsiku loyamba. Tsiku loyamba sadzazimva.

Sankhani nthawi yomwe Mwai ali ku sukulu ndipo uvuni ndi wakuda, kusonyeza kuti mitima ili m'malo. Khalani nawo pa tebulo maso ndi maso. Zaka zonsezi mwakhala mukulankhula ndi msana wawo, ndipo mwazolowera moti mukuopa kutaya ngakhale msanawo. Ndikumvetsa. Koma mwamuna amene amatha kuuza mkazi wake zoona pokhapokha mutu uli mu uvuni ndi wosungulumwa kwambiri, ndipo inu mukusungulumwa naye limodzi. Mwina adzatseka pakamwa sabata imodzi kapena ziwiri. Sindingakulonjezeni kuti ayi. Koma mukakhala chete, Sibeso akadzakwera ndege, chinsinsi chidzakhala chanu tsopano: kuti munali ndi madeti m'chikwama ndipo simunawatulutse. Chimenecho simudzachitula ngakhale kwa Mayi Peggy.

Chenjezo langa lomaliza ndi la poyambira. Musayambe ndi 9 Malichi. Mukatsegula kope n'kuyamba kuwerenga kuti batire lafa, chinyezi chalowa, mbuzi yaola, iwo sadzamva kalendala, adzamva mlandu ukuwerengedwa m'khoti, ndipo woimba mlanduyo ndi mkazi wawo. Mizere makumi anayi ija ndi ya Stephanie, ikhoza kudikira ola limodzi. Wa pa 19 Okutobala ndi wa a Felton. Muulembe pa pepala lakelake, mawu omwewo a Mayi Peggy, ndi deti lake pamwamba, kuti aone kuti munanena zimenezo pomwe kabokosiko kanali kakufa, osati lero katadzuka. Muwapatse pepalalo m'manja musananene china chilichonse.

Mwandiuza kuti danga la chofiira pa mzere umenewo lakhala lopanda kanthu zaka ziwiri. Musadabwe nazo, mayi. Munapempha kuti amuna anu adziwe chinthu, amayi khumi ndi mmodzi anamva, Mulungu anamva, koma mwini wake amene mumagona naye chipinda chimodzi simunamuuze. Batire linafunika pemphero chifukwa panalibe amene ankadziwa yankho lake. Ili yankho lake lili m'kamwa mwanu. Kaliperekeni, ndipo Loweruka mukawauze Mayi Peggy atenge cholembera chawo chofiira.

Aphungu